Voti Yolemera ndi Voti Yopepuka

Chithunzi chilichonse chimene munthu wa ku Migowi kapena ku Chiringa amaika pa Facebook chimapezetsa ndalama, kungoti ndalamazo sizifika kwa iye. Iye amagula bandulo, amalipira potchajitsa foni, amajambula ukwati kapena mpira wa Lamlungu, ndipo anzake akasonkhana kudzaonera, kampani ya Meta, mwini wa Facebook, imalandira ndalama kwa otsatsa malonda amene akufuna kuti khamu limenelo liwaone. Ngakhale YouTube, imene imagawirako eni mavidiyo, kwa zaka zambiri sinaike Malawi pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake angalipidwe motero, pomwe Kenya, Tanzania ndi Zimbabwe analipo. Ndiye mnyamata wa ku Phalombe akamva zoti kuli tsamba la mchezo limene limalipira aliyense wolembapo, losafunsa dziko, losafunsa banki, tisamudabwe akatchera khutu.

Masamba otero alipodi, ndipo si onse amene ali achinyengo. Limene linatchuka koposa ndi Steemit, limene Ned Scott ndi Dan Larimer a ku America analiyambitsa mu 2016. Pa 4 July chaka chomwecho linapereka malipiro ake oyamba, ndalama za kripito zokwana pafupifupi madola 1.3 miliyoni, ndipo mbiri inawanda msanga. Achinyamata a ku Nigeria, Ghana, Uganda, Indonesia ndi Venezuela anakhamukirako. Ankauzana kuti ungolemba, anthu akakonda zimene walemba, ulipidwa. Chimene sankauzana n'chakuti pa tsambalo si onse amene kukonda kwawo kuli ndi mtengo. Amene amagamula kuti nkhani iyi ioneke ndi kulipidwa, iyo ikwiririke, ndi amene anafika ndi ndalama kale.

Tiyambe ndi kumene ndalamazo zimachokera, pakuti ambiri oitanira anzawo ku masamba amenewa sadziwa n'komwe. Steemit inamangidwa pa kaundula wa pa intaneti wotchedwa Steem, wa mtundu umene akatswiri amautcha blockchain. Kaundulayu sasungidwa mu ofesi imodzi. Makompyuta a m'mayiko osiyanasiyana amasunga makope ake, ndipo masekondi 3 alionse amawonjezerapo mtolo watsopano wa zimene zachitika: uje walemba nkhani, uje wavota, uje watumizira mnzake ndalama. Mtolo uliwonse ukamalembedwa pamabadwanso ndalama zatsopano zotchedwa STEEM. Kuyambira December 2016 lamulo linali lakuti ndalamazi ziziwonjezeka ndi 9.5 pa 100 pa chaka, chiwerengerocho n'kumatsika pang'onopang'ono. Gawo lalikulu la ndalama zatsopanozo limathiridwa m'thumba la mphoto, ndipo thumbali ndi limene limalipira olemba. Palibe katundu amene wagulitsidwa, palibe wotsatsa malonda amene walipira. STEEM imakhala ndi mtengo pokhapokha pali munthu wina kwinakwake wofuna kuigula ndi madola. Mu July 2016 STEEM imodzi inafika pa madola 4. Mu March 2017 inagwa mpaka masenti 7. Mu January 2018 inakwera kufika pa madola 8, koma chaka chomwecho chisanathe inali pansi pa masenti 30, ndipo kampani ya Steemit inachotsa ntchito anthu 70 mwa 100 alionse amene inkawalemba. Wolemba amene sanasinthe kalikonse pa kalembedwe kake anaona malipiro ake akufufuma ndi kufota motsatira msika umene sanauonepo.

Nkhani ikaikidwa imakhala masiku 7 ikulandira mavoti, kenaka thumba lija limaipatsa gawo lake molingana ndi mavotiwo. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mavotiwa sawerengedwa mutu ndi mutu. Amayezedwa kulemera, ndipo kulemera kwa voti kumachokera pa kuchuluka kwa STEEM imene wovotayo waitsekera mu akaunti yake. Ndalama yotsekeredwayi amaitcha Steem Power, ndipo siituluka tsiku limene mwini waifuna. Poyamba inkatenga masabata 104 kuti ituluke yonse, kenaka anachepetsa kufika pa masabata 13. Munthu amene watsekera 100,000 ali ndi voti yolemera kuwirikiza ka 100 kuposa ya amene watsekera 1,000, ndipo wongolowa kumene, amene sanagule kalikonse, voti yake siisuntha ngakhale senti imodzi. Anthu a pa tsambalo amadziwana magulu awo: olemera kwambiri amatchedwa anangumi, ochepekedwa amatchedwa tinsomba. Tinsomba 500 titakonda nkhani yanu, mukhoza kupeza zochepa kuposa mnzanu amene wavoteredwa ndi nangumi mmodzi.

Nanga anangumiwo chuma chawo anachipeza polemba bwino? Oyambirira sanatero. Kaundula wa Steem anayamba kugwira ntchito mu March 2016, anthu ambiri asanamve n'komwe za iye, ndipo m'masabata oyambawo kampani ya Steemit inakumba ndi makompyuta ake gawo lalikulu kwambiri la ndalama zoyamba, limene ambiri amaliika pa 80 mwa 100. Tsamba lisanatsegulidwe kwa anthu wamba, mipando yapamwamba inali itakhalidwa kale. Komanso m'chaka choyamba masamu a thumba ankakondera olemera mopitirira pamenepo. Nkhani yokhala ndi mavoti olemera kuwirikiza ka 10 kuposa inzake sinkalandira kuwirikiza ka 10, inkalandira kuwirikiza ka 100, chifukwa kulemera kwa mavoti kunkachulukitsidwa ndi iko komwe. Eni ake ankati izi zithandiza kuti nkhani zimene ambiri agwirizana kuti n'zabwino zipambane, ndipo zilepheretsa munthu kumangodzivotera yekha. Zimene zinachitika n'zakuti anthu ochepa, ambiri a iwo odziwana ndi oyambitsa tsambalo, ankatha kugamula za thumba lonse.

Madandaulo atachuluka, mu June 2017 lamulolo linasinthidwa kuti mphoto izikula molingana ndi kulemera kwa mavoti basi, popanda kuchulukitsa kuja. Tinsomba tinapumako pang'ono, koma khomo lina linatseguka. Akaunti iliyonse imatha kuponya mavoti amphamvu yonse pafupifupi 10 pa tsiku, mphamvuyo n'kubwereranso mawa lake. Nangumi anaona kuti palibe chomukakamiza kuwerenga za munthu wina. Akhoza kulemba timizere 10 topanda pake, n'kudzivotera ka 10, n'kutapa m'thumba tsiku ndi tsiku. Ena ankachitadi zimenezo poyera. Ena ankachita manyazi pang'ono, n'kumasinthana mavoti ndi anzawo a msinkhu womwewo.

Kenaka panabuka malonda a mavoti. Mu 2017 ndi 2018 panadzaza maakaunti oyendetsedwa ndi makina, ogulitsa voti kwa aliyense wolipira. Wolemba ankatumiza ndalama pamodzi ndi adiresi ya nkhani yake. Pakatha maola awiri ndi mphindi 24, imene ndi nthawi yoti mphamvu ya voti ibwerere, makinawo ankagawa voti yawo kwa onse amene alipira, wolipira zambiri n'kutenga gawo lalikulu. Mphamvu ya makinawa inkachokera kwa anangumi omwe aja, chifukwa lamulo limalola munthu kubwereketsa Steem Power yake kwa wina iyo ikadali yake. Nangumi ankabwereketsa, n'kumalandira phindu tsiku lililonse osatsegula n'komwe tsambalo. Ndipo poti gawo lakutsogolo la tsambalo, lotchedwa Trending, limasanja nkhani makamaka potengera ndalama zimene zikuyembekezeka kulipidwa, wogula mavoti ndi amene ankaonekera pamwamba. Woonekera pamwamba amapeza omutsatira atsopano, omutsatirawo amamuvotera mawa, ndipo wongolowa kumene akaona nkhani yolembedwa madola 300 m'munsi mwake amaganiza kuti ndiye kulemba bwino kumeneko. Sadziwa kuti mwini wake mwina walipira ndalama zoyandikira pomwepo kuti chiwerengerocho chioneke. Wogula voti kawirikawiri sankapindula kwenikweni pa nkhaniyo. Chimene ankagula ndi kuoneka.

Palinso lamulo lina limene poliona koyamba limaoneka lokoma. Wovota naye amalipidwa. Mpaka August 2019 gawo limodzi mwa magawo anayi a mphoto ya nkhani linkapita kwa oivotera, ndipo kuyambira pamenepo ndi theka lathunthu. Cholinga chinali chakuti anthu azisakasaka nkhani zabwino zobisika. Koma mphoto ya wovota imakula ngati wavota msanga pa nkhani imene pambuyo pake ilandira mavoti olemera. Wovota wochenjera safunsa ngati nkhaniyo ili yabwino. Amafunsa ngati nangumi abwera pambuyo pake. Ndiye anthu amatchera makina kuti azivotera wolemba wakutiwakuti nkhani yake ikangotuluka, asanaiwerenge, chifukwa amadziwika kuti ndi wokondedwa wa olemera. Wolemba watsopano, ngakhale alembe zogwira mtima chotani, kumuvotera n'kutaya voti. Onaninso kumene theka la ovota lija limapita: limagawidwa potengera kulemera kwa mavoti, kutanthauza kuti limabwerera kwa eni chuma, n'kuwonjezera Steem Power yawo, voti yawo ya mawa n'kulemera kuposa ya lero.

Ngakhale kuyankhula kumene kuli ndi mlingo. Mu September 2018 kaundulayo anakhazikitsa lamulo lakuti chilichonse chimene munthu achita, kulemba, kuyankha mnzake, kuvota, chizidya mphamvu ina imene kukula kwake kumadalira Steem Power. M'masiku oyamba a lamuloli maakaunti ang'onoang'ono ambiri anapezeka kuti sangathe kuyankha ngakhale ndemanga zingapo, mpaka linakonzedwa. Kusintha kwa mu August 2019 kunafooketsadi malonda a mavoti, popeza kunapatsa aliyense mavoti aulere otsitsira mphoto ya nkhani. Koma voti yotsitsa nayo imalemera molingana ndi chuma, choncho nangumi mmodzi amene mwakangana naye akhoza kufafaniza mphoto yanu yonse tsiku lolipira lisanafike. Kusintha komweko kunachepetsanso gawo la nkhani zolandira zochepa. Ndipo nkhani imene mphoto yake siifika masenti awiri siilipidwa konse. Kandalamako kamatsala m'thumba, kukawonjezera za ena.

Tisafulumire kunena kuti oyambitsa anachita zonsezi chifukwa cha dyera lokha. Anali ndi vuto lenileni, ndipo tingalimvetse bwino tikayang'ana banki m'khonde, imene amayi a m'midzi ya kwa Mkhumba, kwa Nazombe ndi kwa Jenala amaidziwa bwino. Mu banki m'khonde namonso wogula masheya ambiri amatenga zambiri tsiku logawana, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Koma gulu limaika malire. Pa msonkhano umodzi munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu, osapitirira, ngakhale atagulitsa matumba angati a nandolo. Posankha wapampando kapena posintha malamulo, aliyense ali ndi voti imodzi. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali kwa anthu atatu osiyana. Zimenezi zimatheka chifukwa anthuwo amadziwana nkhope. Mayi mmodzi sangabwere kawiri ndi mayina awiri. Pa intaneti munthu mmodzi akhoza kutsegula maakaunti 1,000 usiku umodzi, ndipo voti ikanakhala imodzi pa akaunti iliyonse, wachinyengo ameneyo akanakokolola thumba lonse. Larimer ndi anzake anaganiza kuti chinthu chokhacho chimene munthu sangachichulukitse mwabodza ndi ndalama, ndipo anati amene watsekera zambiri ndi amene angasamale kwambiri tsogolo la tsambalo. Maganizowo ndi omveka. Chimene ine sindigwirizana nacho ndi mmene malondawo amatsatsidwira kwa osauka. Gulu lopanda malire a masheya, limene wa masheya ambiri ndi yemwenso amagamula amene ayankhule ndi amene alandire, likanatchulidwa motero pa bwalo la mfumu, palibe mayi amene akanaponyamo ndalama yake. Koma likafika pa foni limatchulidwa kuti ndi mwayi wolipidwa chifukwa cha luso lako.

Tiyerekeze tsono munthu wa kwathu amene ali ndi nkhani yoyenera kumvedwa ndi dziko lonse. Mu March 2023 namondwe Freddy anagumula mapiri ndi kusefukiza mitsinje m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 anafa tikawerengera ndi amene sanapezeke. Ku Phalombe, kumene akuluakulu sanaiwale napolo wa mu March 1991 wochokera m'phiri la Michesi, madera ngati Nkhulambe anadulidwa misewu ndi milatho, anthu osafikirika kwa masiku angapo. Tinene kuti mtsikana wa kumeneko anajambula zimene anaona ndipo ali ndi akaunti pa tsamba la mtundu umenewu. Foni yake yathima, netiweki kulibe. Pomadzafika pamene angatchaje ndi kutumiza zithunzizo, papita sabata. Waika nkhani yake, yolembedwa m'Chingerezi chimene anaphunzira ku sekondale, chifukwa eni mavoti olemera samva Chichewa kapena Chilhomwe. Omutsatira ake ndi anzake 30, tinsomba tokhatokha. Onse amuvotera, chiwerengero cha m'munsi chafika masenti ochepa. Nkhani yake siifika pa Trending. Imaoneka mphindi zochepa m'gawo la zatsopano, kenaka imakwiririka ndi zina zikwizikwi. Tsiku lomwelo munthu wina wa kudziko lolemera, amene anagula Steem Power yochuluka, waika chithunzi cha chakudya chake chamasana, anzake amuvotera, walandira madola makumi angapo. Pakatha masiku 7 khomo la mtsikana uja latsekeka, ndipo ngakhale nangumi atadzaiona nkhaniyo mwezi wamawa, siingalandirenso kanthu. Palibe amene wamubera, palibe lamulo limene laswedwa. Kaundula wachita ndendende zimene anamulembera kuti azichita, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka: palibe ofesi imene mtsikanayo angapite kukadandaula kuti zinthu zalakwika.

Ngakhale atapeza kangachepe, ulendo wochoka pa chiwerengero cha pa foni kufika pa ndalama ya m'manja ndi wautali. Gawo lina la mphoto limabwera lili lotsekeredwa kale. Lotsalalo ayenera kulitumiza ku msika wa kripito wa kunja, umene umafuna chiphaso cha unzika ndi chithunzi, n'kulisinthanitsa ndi ndalama ina ya kripito yoyenderana ndi dola, kenaka n'kupeza munthu wa m'dziko muno woti aigule pomutumizira makwacha pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pomaliza n'kukatapa kwa ejenti. Paliponse pamene ndalamayo yadutsa pamadulidwa kenakake, ndipo zodulidwa zina sizitengera kuchuluka kwa ndalama, choncho wa madola 5 amalumidwa kwambiri kuposa wa madola 5,000. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi, bwanamkubwa wake ali Dalitso Kabambe, inachenjeza kuti kripito si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndipo wochita nayo malonda akagwa m'mavuto adziwe yekha. Kugwa kwa kwacha, ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndiponso 44 pa 100 mu November 2023, kunachititsa kuti dola imodzi yopezeka pa intaneti izikoma kwambiri. Koma kugwa komweko kunatalikitsa Steem Power kwa mlimi amene ndalama zake amazipeza m'makwacha pogulitsa mpendadzuwa kwa mavenda. Choti akhale nangumi chimagulidwa ndi madola.

Kuseri kwa phiri la Mulanje kuli chitsanzo cha mmene kripito imalipirira kwenikweni. Ku Bondo, kumene magetsi amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, kampani ya Gridless inaika makompyuta okumba Bitcoin pogwiritsa ntchito magetsi otsala, ndipo ndalama zake zimathandizira kuyendetsa magetsi a m'midzimo. Ubwino ulipo ndithu, ndipo anthu a kumeneko akuuona. Koma wopeza Bitcoin ndi amene anabwera ndi makina ndi mpamba. Pa Steemit makinawo ndi Steem Power.

Chuma pa masamba amenewa sichigamula za mphoto zokha. Chimagamulanso za boma la tsambalo. Malamulo a kaundula wa Steem amasungidwa ndi makompyuta a anthu osankhidwa otchedwa mboni, ndipo 20 apamwamba ndi amene ali ndi mphamvu yosintha malamulowo. Mbonizi zimasankhidwa ndi mavoti olemera omwe aja. Mu February 2020 kunamveka kuti Justin Sun, woyambitsa kripito yotchedwa Tron, wagula kampani ya Steemit, pamodzi ndi mulu wa STEEM umene kampaniyo inakumba mu 2016. Mboni zinachita mantha ndipo zinatseka mulu umenewo kuti usavote. Pa 2 March misika ikuluikulu ya kripito, Binance, Huobi ndi Poloniex, inatenga STEEM imene makasitomala awo anaisungitsa, n'kuvotera mboni zatsopano za mbali ya Sun, ndipo m'maola ochepa mboni zonse 20 zakale zinachotsedwa. Mkulu wa Binance pa nthawiyo, Changpeng Zhao, anadzanena pambuyo pake kuti sanamvetse chimene ankavotera, ndipo anachotsa mavotiwo. Anthu zikwizikwi amene analemba pa tsambalo kwa zaka zinayi anaonerera nkhondo imene mavoti awo onse pamodzi ankavutika kuisuntha. Pa 20 March gulu lalikulu linachoka, linakopera kaundula yense n'kuyambitsa wina wotchedwa Hive, koma osapatsa Sun ndi ena omuvotera gawo lawo. Mu May mbali yotsala nayo inabwezera, n'kulanda STEEM pafupifupi 23.6 miliyoni m'maakaunti 64. Hive inadzaika lamulo lakuti ndalama yongotsekeredwa kumene idikire masiku 30 isanavotere mboni, kuti zimene zinachitikazo zisabwerezeke. Kulemera kwa voti molingana ndi chuma sanakukhudze.

Pa Steemit yotsalayo, mavoti olemera koposa anakhala m'maakaunti a kampani, ndipo olemba ambiri a ku Africa, Asia ndi South America anayamba kudalira maakaunti amenewo. Chakumapeto kwa 2021 kunabwera dongosolo lotchedwa club5050: wofuna kuvoteredwa ndi kampani azitsekera ndalama zosachepera zimene watapa. Kunabweranso club75 ndi club100, za otsekera zochulukirapo kapena zonse. Kwa munthu wolemba mongosangalala, ameneyo si mtolo. Kwa munthu amene akufuna ndalamayo kuti agule feteleza mvula isanagwe, lamuloli likutanthauza kuti amene akuifunitsitsa ndalama ndi amene saloledwa kuitapa ngati akufuna kuonekabe. Otsekera ambiri amachepetsa STEEM yogulitsidwa pa msika, ndipo mtengo ukalimba wopindula kwambiri ndi wokhala ndi mulu waukulu.

Si zoona kuti osauka sanapezepo kanthu. Ku Venezuela, nthawi imene ndalama ya dzikolo inkagwa tsiku ndi tsiku, madola ochepa a pa Steemit ndi Hive anagulira mabanja chakudya. Ku Ghana thumba la chitukuko la Hive linalipira zokumba mijigo m'midzi. Palinso magulu a anthu amene amabwereka mphamvu kwa olemera n'kumasakasaka olemba atsopano kuti awavotere, ndipo ntchito yawo ndi yoyamikika. Kungoti zonsezi zimayenda ngati wolemera wafuna. Wolemba wosauka amene zimamuyendera kawirikawiri ndi amene waphunzira zimene eni mavoti amakonda, amalemba mitu imene iwo asankha, amalowa mipikisano yawo, ndipo sawatsutsa. Nkhani yodzudzula nangumi ikhoza kutsitsidwa mpaka ziro, choncho anthu amaphunzira kuyamika. Tsamba limene linalonjeza kumasula wolemba kwa akonzi ndi otsatsa malonda linamupatsa mabwana ena amene sangawachotse.

Masamba obwera pambuyo sanabise n'komwe. Pa friend.tech, limene linayamba mu August 2023, munthu ankagula kiyi wa munthu wotchuka kuti azicheza naye, mtengo wa kiyiyo n'kumakwera msanga ogula akamachuluka, ndipo wotchukayo ankalandira gawo pa kugula ndi kugulitsa kulikonse. Otchuka kale ndi ogula oyambirira anapha makwacha, obwera mochedwa anagwira makiyi opanda ogula, ndipo mu September 2024 oyambitsa ake analisiya. Ngakhale X, imene sinamangidwe pa kripito, imakweza mayankho a olipira mwezi ndi mwezi pamwamba pa a osalipira, ndipo itayamba kugawira olemba ndalama mu 2023 inkafuna kuti munthu akhale wolipira choyamba.

Ubwino umodzi wa kaundula wa mtundu umenewu ndi wakuti sabisa. Mnzanu akakuonetsani foni yolembedwa madola ndi kukuuzani kuti mugule kangachepe kuti muyambe bwino, musanatumize ndalama ya nandolo wanu tsegulani nkhani 10 zapamwamba pa tsambalo, mudine pa mndandanda wa ovota. Kawirikawiri mudzapeza kuti mwa mavoti mazanamazana, awiri kapena atatu ndi amene anyamula pafupifupi mphoto yonse, ndipo mayina omwewo akubwerezeka pa nkhani zinazo. Kenaka pitani kugawo la zatsopano, musankhe olemba amene alibe Steem Power, mubwerenso pakatha masiku 7 mudzaone zimene alandira. Pomaliza tsegulani chikwama cha mnzanuyo, pakuti pa Steem ndi Hive chikwama cha aliyense chili poyera. Mudzaona ndalama zimene analowetsa, tsiku limene anazilowetsa, zimene watapadi, ndi akaunti imene imamuvotera tsiku ndi tsiku.